Mkono Umene Ndinanamizira Alamu Anga

Ana inu, siyani kuseka. Ndakuonani kale mukugwirana pakamwa kuseri kwa nkhokweko. Mukuti agogo mutu wayamba kusokonekera, m'mawa uliwonse aima pakhoma n'kumakwawitsa zala ngati buluzi, akachoka apo n'kumabweza chibwano ngati kamba. Iwe Tadala ndiye unachita kundiyeserera dzulo pamaso pa anzako, amako andiuza. Bwerani kuno mukhale pansi. Dalitso, kokera lichero la mtedzalo pafupi tiziswa. Manja azigwira ntchito, makutu akhale kwa ine. Ndikuuzani za mkono uwu, za zipsera zimene mumaziona paphewa langazi, ndi za choipa chimene ndinachitira munthu wosalakwa. Nkhani yake sindiikonda, koma ndi bwino muimve kwa mwiniwake ine, osati kwa anthu a kumjigo.

Inu mwandipeza ndili mlimi wa chimanga ndi fodya kuno ku Chezi, koma mphamvu zanga zonse zaunyamata zinathera m'dzenje. Ndinali wocheka matabwa. Masiku ano mukamva za matabwa mumaganiza za makina aja olira ngati njinga yamoto, munthu mmodzi kugwetsa mtengo n'kuuwaza dzuwa lisanafike pamutu. Ife tinkacheka ndi sowo yamanja, yaitali kukuposa iwe Dalitso utaimirira, yokhala ndi zogwirira uku ndi uku. Tinkakumba dzenje, kuyala mitanda pamwamba pake, n'kugubuduzira chipika pamitandapo. Kenaka tinkaviika chingwe m'makala osinja, kuchikunga, n'kuchiombetsa pachipika kuti chisiye mzere wakuda. Zikatero wina ankakwera pamwamba pa chipika, wina n'kulowa m'dzenje. Wapamwamba akakoka, wapansi akoka, choncho mpaka dzuwa kupendeka.

Wapansi ndinali ine, zaka zoposa makumi awiri. Tsiku lonse nkhope ili m'mwamba kuyang'ana mzere, mutu utapendekera kudzanja lamanja kuti utuchi usandithire m'maso. Unkandithirabe. Ndikamatuluka m'dzenje ndinkakhala mbuu, agalu a m'midzi kumandiuwa.

Wapamwamba anali alamu anga a Pasikale, amene inu mumawatchula agogo a ku Dzoole, mlongo wawo wa agogo anu aakazi a Nabanda. Ndinayamba kudziwana ndi iwowo ndisanawadziwe agogo anuwo. Ndiwo ananditengera kwawo tsiku lina kuti tikanole sowo, ine m'malo moyang'ana mano a sowo n'kumayang'ana mtsikana amene ankapeta mapira pabwalo. Musaseke, nanga mukanabadwa bwanji?

Tikangokolola, mwezi wa Juni kukuzizira, tinkanyamuka wapansi kulowera kumapiri a ku Ntchisi. Masiku awiri panjira. Sowo paphewa ikunjanja n'kumalira yokha, thumba la ufa, nyemba, kachitini ka mchere, ndi tupa yonolera. Inu ulendo wongofika pamsika pomwepa mumafuna kabaza. Kumapiriko nkhungu inkatsika mpaka osamuona mnzako ali pamwamba pa chipika, ukungomva mpweya wake. Tinkadya mbatata yootcha, uchi wa m'mphako, mbewa zikapezeka, ndipo tikachedwerako mpaka masuku atapsa ndiye tinkabwerera kumudzi masaya atatuluka. Mabenchi amene mumakhalira kutchalitchi kwathu kuja, amene ena a inu mwawalembalemba maina ndi msomali, tinacheka ndife awiri.

A Pasikale sanali munthu wolankhulalankhula. Diso lawo ndilo linali lakuthwa, sowo sinkaphonya mzere. Tsiku lina mtanda unathyoka ine ndili m'dzenje, chipika cha mbawa chikubwera pamutu panga. Iwo anadumphira pansi n'kundikoka malaya, chipika n'kugwera pomwe ndinaima. Atatero anangoti, "Alamu, tiyeni tikadule mtanda wina." Basi. Munthu wake anali wotero. Muzikumbukira zimenezi pamene ndikupitiriza.

Ntchito ija inatha yokha. Mitengo yaikulu inachepa, makina anabwera, ifenso mawondo anayamba kulankhula. Tsiku lomwe tinatsika kumapiri komaliza tinasiyana mawu pang'ono pa za sowo. Iwo ankati ikhale kwawo, ine ndinkati ikhale kwathu. Mapeto ake anaseka n'kunena kuti, "Tengani alamu, koma tiona kuti muzicheka ndi mkono wa yani." Inenso ndinaseka. Tanthauzo lake linali poyera: sowo imeneyo munthu mmodzi sangachekere. Tinapitiriza kuyenderana bwinobwino, iwo ku Dzoole kumene anakwatira, ine kuno. Paukwati wa mwana wanga, azakhali anu a Rozina, anabwera, tinavina, anandimenya paphewa mwachisangalalo n'kunena kuti takula.

Patapita miyezi ingapo chichitikire ukwatiwo, nyengo yosoka fodya, ndinali m'chigafa kupachika. Nditangokweza nkhope kuti ndione popachika, ndinamva ngati munthu wandilasa ndi waya wamoto paphewa lamanja. Motowo unatsika mkono wonse, kudutsa pachigongono mpaka kuchala chachikulu ndi chamkombaphala. Fodya yense anagwa. Ndinacheuka kuti ndione amene wandimenya, m'chigafa munalibe munthu.

Ndinati zitha. Sizinathe. Zala ziwirizo zinachita dzanzi losachoka. Kapu ya tiyi inkangopulumuka m'manja osadziwa kuti yapulumuka. Khasu ndinkaligwira ngati ndabwereka dzanja la munthu wina. Chodabwitsa, ululu unkachepa ndikaika dzanja pamutu, ndiye ndinkangoyenda pabwalo pano dzanja lili pamutu. Agogo anu ankakalipa.

"Tsitsani dzanjalo, bambo a Rozina! Mukulosera maliro a yani?"

Kuchipatala chathu chaching'onochi ndinapita. Anandipatsa mapiritsi, n'kundiuza kuti zikapanda kusintha ndipite kuchipatala chachikulu akandijambule mafupa. Pamenepo ndisanamizire munthu, amene sanapite ndi ine. Ndinkati phewa silinathyoke, sindinagwe, akajambula chiyani? M'malo mwake ndinamanga mkono ndi chitenje pachifuwa, n'kuyamba kumvera za anthu. Uyu akuti ndi nyamakazi, uyu akuti ndi magazi, wina n'kundinong'oneza kuti matenda obwera ngati mphezi chotere sabwera okha.

Ine mkhristu, amene ndinkayambitsa nyimbo kumphakati, m'mawa wina ndinauza agogo anu kuti ndikukafuna mbewu ya mtedza, koma ndinapita kwa sing'anga wina wotchuka cha ku Chisepo. Dzina lake lilibe ntchito. Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kundifunsa mafunso awiri okha.

"Alipo munthu amene anakugwiraniko paphewa limeneli?"

Ndinakumbukira paukwati paja.

"Nanga munthu ameneyo simunakanganepo naye pa chinthu chachitsulo?"

Mawu aja anabwera okha m'mutu: tiona kuti muzicheka ndi mkono wa yani. Lero ndikamaganiza ndimadzifunsa kuti kodi m'mudzi muno alipo mwamuna amene sanagwidwepo paphewa, kapena amene sanakanganepo ndi mnzake pa khasu, nkhwangwa kapena njinga? Koma tsiku limenelo ndinaona ngati munthuyo waona m'kati mwa moyo wanga. Iye sanatchule dzina. Dzina ndinatchula ndekha, ndi pakamwa pangapa. Anatenga lezala n'kunditema mphini kuyambira paphewa mpaka pachigongono, n'kupakamo mankhwala akuda owawa ngati tsabola. Ndinabwererako katatu. Zipsera zimene mumaziwerenga ndikavula malayazi n'zimenezo.

Nditafika kunyumba ndinawauza agogo anu kuti alongo awo ndiwo andipha mkono. Anakhala pansi pomwe anaima.

"Mukuti chiyani? A Pasikale? Amene anakuchotsani pansi pa chipika?"

"Omwewo. Kuyambira lero dzina limenelo m'nyumba muno ndisalimve."

A Pasikale atamva kuti ndikudwala anabwera kudzandiona. Anaima apo, pamene pali mpapayapo, jekete atangolikoleka m'mapewa. Sanatambasule dzanja kuti andipatse moni, ine n'kunena mumtima kuti waona, akuopa kundikhudza. Ndinawafunsa ndili pakhonde pano kuti, "Mwabwera kudzaona ngati mankhwala anu agwira?" Ndinalowa m'nyumba n'kutseka chitseko. Anabweranso chaka chotsatira, ndinatsekanso.

Zaka zisanu ndi chimodzi, ana inu. Ena mwa inu munabadwa m'zaka zimenezo, ndipo munkakula osadziwa kuti ku Dzoole kuli agogo anu. Ana anga ndinawaletsa kupondako. M'chaka chachinayi kunabwera uthenga woti akazi awo a Pasikale, a Nangozo, amwalira. Mayi amene ankatikazingira chimanga cha paulendo nthawi zonse tikamapita kumapiri. Agogo anu anandigwadira kuti tipite.

"Maliro, bambo a Rozina. Ngakhale mdani amapita."

Ine ndinakana. Anapita okha. Atabwerako anandiuza, nkhope atayang'ana kumbali, kuti alongo awo nawonso mikono yonse iwiri sikukwera, dothi lothira m'manda anachita kuwagwiritsa. Mukudziwa chimene ndinayankha? Ndinati, "Mankhwala awo awabwerera." Mwezi wathunthu agogo anu ankangondiikira chakudya n'kuchoka.

M'menemo mkono wanga unali utaonda ngati wa mwana. Chifukwa choumangirira pachifuwa zaka zonsezo, phewa linauma gwa, moti ngakhale kuika dzanja pamutu kuja ndinali nditalephera. Kutchalitchi chizindikiro cha mtanda ndinkachita kutsitsa mphumi kuti ikumane ndi zala.

Amene anandipulumutsa ndi a Rozina. Inu mukudziwa kuti amasoka zovala ku Lilongwe. Anabwera pa Pasaka n'kundipeza ndikudya ndi dzanja lamanzere. Anaika mbale yawo pansi.

"Ababa, mpaka kufika apa? Mawa tikunyamuka."

"Matenda anga si achipatala, mwana wanga."

"Ngati si achipatala akatiuza komweko. Ineyo msana unandivuta chifukwa cha makina osokera, pali mayi wina anandithandiza. Mukaonane naye."

Mwana ameneyu anatengera amake, akanena wanena. Tinakwera minibasi, ine phewa likugunda pazenera msewu wonse. Tinayamba kupita kuchipatala kumene anandijambula khosi ndi phewa, eksire ija ndinaithawa kalekale. Kenaka tinatenga zithunzizo kupita nazo kwa mayiyo. Ntchito yake ili ndi dzina lachizungu londiluma lilime, akuti kayiropulakita. Ine ndimangoti dokotala wowongola msana ndi khosi ndi manja. Sabaya jakisoni, sang'amba munthu.

Ndinkayembekeza kuona chimunthu cha mikono ngati ya wosula makasu. Kunatulukira kamayi kochepa thupi, msinkhu wa a Rozina omwewo, koti ndikanakabereka ine. Anandilonjera mwaulemu n'kundipempha kuti ndivule malaya. Manyazi anandigwira chifukwa cha mphini zija. Anaziyang'ana, sanaseke, sanafunse. Anangoti, "Munavutika, agogo."

Anayamba ndi mafunso, ambirimbiri. Kodi ndinagwapo? Kodi m'chifuwa mumandithina, kapena mpweya kundithera ndikamakwera chitunda? Anati kupweteka kwa mkono nthawi zina kumachokera kumtima, makamaka mkono wamanzere, ndipo zikatero si zake ayi, n'zothamangira nazo kuchipatala. Anati kwa ena vuto limakhala m'phewa mwenimwenimo, minyewa yong'ambika kapena yotupa. Anandigwiragwira phewa, kundibaya zala ndi kachitsulo kuti ndinene pamene ndikumva ndi pamene sindikumva. Kenaka anaima kumbuyo kwanga.

"Agogo, yang'anani kudenga. Tsopano pendeketsani mutu kumanja, pang'onopang'ono."

Anangoika dzanja pamutu panga n'kusindikiza pang'ono. Mayo ine! Waya wamoto uja, yemwe uja wa m'chigafa, anatsika mkono wonse mpaka kuchala chachikulu. Ndinakuwa, a Rozina n'kudzuka pampando. Mayiyo anasiya msanga, n'kundigwira kuchibwano ndi kunkhongo, n'kukweza mutu wanga m'mwamba mofatsa ngati akunyamula mphika wosaotcha.

Ululu unazima. Zii! Zaka zisanu ndi chimodzi ndinali ndisanamvepo mkono wanga uli chete chotero. Phewa sanalikhudze n'komwe.

"Mwachita chiyani?" ndinafunsa.

"Palibe chimene ndachita, agogo. Ndangotsegula pang'ono pamene patsekeka. Matenda anu sanayambire m'phewa. Ali m'khosi."

Anaika chithunzi chija pagalasi lowala n'kundionetsa mafupa a khosi langa, atasanjikizana ngati zitsononkho zoduladula. Anati pakati pa fupa ndi fupa pamakhala kankhata kofewa, ngati nkhata imene amayi anu amaika pamutu akasenza ndowa. Tinkhata tanga tiwiri tam'munsi tinali titaphwatalala, mafupa atayandikana. Pambali pake pamatuluka mtsempha umene umayenda mpaka kuzala ziwiri zija, ndipo unali utapanidwa ngati chingwe chopanidwa ndi chitseko. Anati phewa linauma pambuyo pake chifukwa choti ndinalimanga osaligwiritsa ntchito.

"Zoterezi zimabwera ndi ukalamba," anatero, "koma zanuzi zapitirira, ndiponso zapendekera mbali imodzi. Munkagwira ntchito yanji?"

Ndinamuuza za dzenje. Anandipempha kuti ndimuonetse m'mene ndinkaimira. Ndinakweza nkhope, n'kupendeketsa mutu kumanja, ndipo ndisanamalize ndinazindikira ndekha kuti ndaima chimodzimodzi m'mene anandiimikira iye pondiyesa paja. Zaka makumi awiri ndinkadzipana ndekha mtsempha, kuyambira m'mawa mpaka madzulo.

Ndinayesabe kulimbalimba. Ndinati, "Koma mayi, zinabwera tsiku limodzi, ngati mphezi."

"Zinaonekera tsiku limodzi, agogo. Kuyamba zinayamba kale muli m'dzenjemo." Kenaka anafunsa, "Nanga anzanu amene ankakhala pamwamba aja alipo? Iwowo sindikuwadziwa, koma ntchito yokoka sowo yolemera kuikweza mpaka kumaso tsiku lonse imadya mapewa. Sindingadabwe kumva kuti mikono yawo sikwera."

Ana inu, m'chipindamo munada. Munthu amene sanawaonepo a Pasikale, amene sadziwa ngakhale njira ya ku Dzoole, akundiuza matenda awo. Ndinayang'ana a Rozina, iwo anali atagwira pakamwa, misozi ikutsika. Anangoti, "Ababa, atsibweni." Ine ndinangodzigwetsa pampando. Dokotala uja ankaganiza kuti wandipweteka khosi, n'kumapepesa. Ine ndinalephera kumuuza kuti chimene chandipweteka n'china.

Za chithandizo chake ndikuuzani mwachidule, chifukwa ndikuona Tadala wayamba kudya mtedza m'malo moswa. Anandigoneka chafufumimba pabedi lokhala ndi bowo loikapo nkhope. Anasisita minyewa ya kumsana mpaka inafewa, kenaka anaika manja pakati pa mapewa n'kundiuza kuti nditulutse mpweya. Anangodinikiza kamodzi, msana n'kulira kuti thee! Ine ndinati basi wandithyola, ndinayamba pemphero lolapa. Iye akuseka, akuti ndi mfundo chabe zamasuka, palibe chathyoka. Khosi lokha anakana kulipotokola. Anati pamsinkhu wanga, ndi m'mene mafupa analili pachithunzi, ayenera kulikoka mofatsa basi. Ndiye mumve bwino inu anyamata amene mumathyolana makosi kubwalo la mpira kuti muzimva kulira: munthu amene anaphunzira ntchitoyi zaka zambiri analiopa khosi langa, inu ndinu yani? Ndiponso mafoni anuwo, tsiku lonse mutu uli zyoli ngati nkhuku yodwala chitopa. Ine ndinaononga khosi poyang'ana kumwamba, inu mudzaononga poyang'ana pansi.

Ndinakhala kwa a Rozina miyezi itatu, kumapita kwa mayiyo sabata iliyonse. Phewa ankalitambasula pang'onopang'ono, ine thukuta lili kamukamu. Ndiye anandiphunzitsa zimene mumandiseka nazozi, kukwawitsa zala pakhoma kuti phewa lisaumenso, ndi kubweza chibwano kuti khosi liongoke. Sanandinamize kuti ndidzakhala ngati mnyamata. Nsonga ya chala chachikuluchi mpaka lero ndi yakufa, taitsina uone, sindikumva. Koma moto uja unazima, dzanja linafikanso pamphumi, ndipo khasu ndinaligwiranso.

Miyezi itatu imeneyo mkono unkachira, koma mtima unkanka nulemera. Nditabwerera kuno ndinawauza agogo anu zonse. Sanandinyoze. Anangofunsa kuti, "Ndiye tinyamuka liti?"

Tinapita mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Nyumba ya a Pasikale ndinachita kuifunsa, chifukwa sindinaizindikire. Munthu amene anacheka matabwa a nyumba za anthu ambirimbiri, denga lake linali litabooka, udzu utawola. Tinawapeza pakhonde akumwa madzi. Kapu anaigwira ndi manja awiri pachifuwa, zigongono zitamatirira kunthiti, n'kumatsitsa mutu kuti pakamwa pafike pakapu. Chimunthu chija chinkaima pamwamba pa chipika ngati mtengo. Ndinaima pabwalo.

Anakweza maso n'kundiyang'ana nthawi yaitali.

"Alamu, mwafika? Pepani sindikupatsani dzanja. Silikwera. Linali litayamba kale nthawi ija ndinabwera kwanu."

Ndinagwada pafumbi, nkhalamba ine, anthu oyandikana nawo akuona. Ndinawauza zonse, za ku Chisepo, za mphini, za mawu oipa amene ndinanena akazi awo atamwalira, za khosi. Sindinabise kanthu. Anamvetsera osandidula. Nditamaliza anafunsa kuti sing'angayo ndi uja wa nyumba ya pafupi ndi dambo. Ndinavomera.

"Inenso ndinapitako," anatero. "Mapewa atayamba kundivuta, anthu ananditengera komweko."

"Anakuuzani chiyani?"

"Anandifunsa ngati pali munthu amene anandigwirapo paphewa, ndi ngati sitinakanganepo pa chinthu chachitsulo."

Mafunso omwe aja, osasintha ngakhale liwu limodzi.

"Ndiye inu munati chiyani, alamu?"

"Ndinamuuza kuti munthu wotero alipo mmodzi, ndi mlamu wanga, ndipo ameneyo sangandichite chipongwe. Ndinatenga chipewa changa n'kutuluka."

Pamenepo ndinalira, ana inu, kulira kokweza mawu ngati mwana. Agogo anu anali atakhala pafupi ndi alongo awo, akuwakonza kolala ya malaya imene inapindika. A Pasikale anadikira mpaka nditatonthola, n'kunena kuti, "Dzukani alamu, mawondo amenewo si a dzana. Mwadya kodi?"

Sabata yotsatira ndinawatengera ku Lilongwe kwa mayi uja. Ndinali ndi chikhulupiriro choti awakweza mutu ngati ine, ululu n'kuzima. Anawayeza nthawi yaitali, n'kuwatumiza kukajambulitsa. Atabwera nazo zithunzi anatiuza mosabisa kuti matenda awo ndi osiyana ndi anga. Khosi lawo linali bwino. Minyewa imene imakweza mkono ndiyo inang'ambika m'mapewa onse awiri, ndipo inang'ambika kale, inafota. Anati manja ake sangalumikize chong'ambika. Angathe kuchepetsa ululu ndi kulimbitsa minyewa yotsalayo, zinazo n'za madokotala a opaleshoni, ndipo nawonso atawaona anati papita nthawi yaitali. Ndinafunsa kuti akanabwera msanga zikanatheka? Mayiyo anandiyang'ana n'kunena kuti mwina. Ine ndinadziwa kuti amene akanawabweretsa msanga ndi a Rozina, mwana wa mlongo wawo, amene ine ndinamuletsa kupita ku Dzoole.

Ululu unachepadi, tsopano amagona bwino, ndipo dzanja lamanzere limafika pakamwa. Kupitirira apo ayi. Denga lija tinafolera ine ndi abambo ako, Dalitso, mvula isanagwe.

Chinatsala chinthu chimodzi chimene ndinkachiopa. Mukudziwa kuti mwezi wa Novembala akhristu timapita kumanda kukalambula ndi kupempherera amene anatisiya. Tsiku limene a ku Dzoole anapangana ndinapita nawo, khasu langa paphewa. Ndinawapempha a Pasikale kuti andionetse pamene anagona a Nangozo, chifukwa ine sindinkapadziwa. Ananditsogolera. Mitumbira ina yonse inali ndi eni ake, ana ndi adzukulu akupalira. Wa a Nangozo unali utamera nsonthi ndi chisoso, mtanda utapendekeka. Ana awo ali kutali, ndipo mwamuna wawo zaka ziwiri ankangobwera kudzaima.

Ndinayamba kulima. Dokotala anandiuza kuti ndisamapitirize nthawi yaitali osapuma, koma tsiku limenelo sindinapume. Ndinazula udzu, ndinakwezera dothi, ndinaongola mtanda n'kuutsendera ndi miyala. M'kati monsemo ndinkalankhula nawo mayiwo chamumtima, kuwapepesa kuti ndabwera mochedwa. A Pasikale anaima kumbali, mikono ili lende, akuyang'ana ntchito yanga ndi diso lawo lija.

Nditamaliza ndinatsamira khasu, thukuta likuyenderera, kudikira kuti anene chilichonse chimene chinali mumtima mwawo. Ndinali wokonzeka kuchilandira. Anazungulira mtumbira wonse pang'onopang'ono, n'kuima chakumutu.

"Alamu," anatero, "mbali iyi mwakhotetsa. Bweraninso chaka chamawa mudzaongole."

Ndakhala ndikupitako chaka chilichonse, ndipo chaka chilichonse amapeza pamene ndakhotetsa.

Basi, pakamwa pauma. Tadala, tola makokowo ukataye kudzala, ndipo mtedza umene wabisa m'thumba la siketiwo ubweze mulichero.